ZA UMOYO WATHU: Chotupa cha m'nsagwada chosapweteka

Ulendo uno tikambe za dzino limene linkatisowetsa tulo kenaka n'kungosiya lokha kupweteka. Ambiri timati lapola. Kawirikawiri silinapole ayi, lafa. Mtsempha wake ukafa, tizilombo timatsikira kunsonga kwa muzu, ndipo pamenepo pangathe kumera kathumba ka madzi m'kati mwa fupa la nsagwada. Madokotala amakatcha cyst. Kena kamamera mozungulira dzino limene linakanika kutuluka, makamaka lakumapeto kwenikweni lija.

Vuto lake kathumbaka n'kaulemu: sikapweteka. Kamakula pang'onopang'ono, miyezi ngakhale zaka, kukudya fupa mpaka kulisiya lopyapyala ngati chikamba cha dzira. Tsaya limatupa mbali imodzi, mano oyandikira amagwedera kapena kupendekeka. Kutema mphini patsaya kapena kuthowa ndi madzi otentha sikungafike kumene kuli nthendayo, chifukwa ili m'fupa.

Dokotala wa mano amayamba n'kufunsa kuti kutupako kunayamba liti, n'kukhudza, n'kuyesa ngati dzinolo lili moyo. Kenaka amajambula ekisire. Pachithunzipo thumbalo limaoneka ngati bwalo lakuda m'fupa loyera. Mwina amalowetsa singano n'kukoka timadzi tachikasu. Komabe chithunzi pachokha sichimaliza nkhani. Pali chotupa china chotchedwa ameloblastoma chimene chimafanana nalo pachithunzi koma chimafuna opaleshoni yaikulu, n'chifukwa chake kanyama kochotsedwako amakatumiza kokakayeza. Akakutumizani ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, musaone ngati akukuzunzani.

Kwa ana nkhani ndi ina. Nsagwada ya mwana ikatupa msanga, m'masabata ochepa chabe, mano n'kuyamba kugwedera, musadikire n'komwe. Ingakhale khansa ya Burkitt, imene dokotala Denis Burkitt anaifotokoza ku Uganda mu 1958. Imapezeka kwambiri kumadera a malungo ngati kuno kwathu kunyanja, ndipo mankhwala amagwira bwino mwana akafika msanga.

Ena amazengereza poti ndi mwezi wa Ramadhan. Kupimidwa ndi kujambulidwa sikuononga swaumu. Ngati mtima ukukayika pa za jakisoni kapena kuzula dzino, funsani a Shehe, koma tsiku lokaonana ndi dokotala lisasinthe. Ndipo popita mukauze dokotala za dzino lililonse limene linada kapena linasiya lokha kupweteka, ngakhale papita zaka zambiri.