Za Umoyo M'banja: Kunenepa Kumene Kumachokera Pakhosi

Ulendo uno tati tichokeko pang'ono kunyanja kuno tikacheze m'chigwa cha Phalombe, uko kumunsi kwa phiri la Mulanje ndi la Michesi, komwe dziko limatsetsereka mpaka kukafika ku nyanja ya Chilwa. Nkhani yathu ndi ya chithokomiro chofooka, ndipo ikukhudza wa ku Migowi ndi wa ku Makanjira yemwe.

Kwathu kuno mayi akayamba kunenepa timayamika bambo akunyumba kuti akudyetsa bwino. Koma alipo amayi ena amene thupi limangokula pamene nsima akudya ndi yomwe ija ya masiku onse. Amadzuka m'mawa ali otopa kale ngati achezera kulima. Amamva kuzizira ngakhale mu Okutobala anzawo akufunafuna mthunzi. Khungu limauma, tsitsi limathothoka, nkhope imatupikana, mawu amasasa, m'mimba mumadzimbidwa, msambo nawo umasokonekera. Bambo akaona khasu lidakali pakhonde dzuwa litakwera amangoti mkazi uyu wayamba ulesi. Mabanja ena afika mpaka kwa ankhoswe kaamba ka mawu amenewa, chonsecho mayiyo akudwala. Abambo nawo amadwala matendawa, kungoti amakonda kugwira amayi, makamaka akangochira kumene kapena akafika zaka zosiya kusamba.

Chithokomiro ndi kachiwalo kooneka ngati gulugufe kamene kali kutsogolo kwa khosi, mmunsi mwa kholingo. Kamapanga mahomoni amene amalamula liwiro limene thupi limagwiritsira ntchito chakudya. Kakafooka zimakhala ngati moto wazilala pamafuwa. Nkhuni zilipo, mphika ulipo, koma madzi sawira. Kuti kapange mahomoniwo kamafuna mchere wina wa m'nthaka wotchedwa ayodini. Munthu wamkulu amafuna mamaikrogalamu 150 patsiku, ndipo mayi woyembekezera amafuna 250. Ayodini akasowa, chithokomiro chimakula poyesa kugwira kochepa komweko, ndiye khosi lotupa lija.

Apa m'pamene Phalombe akulowera. Ayodini amakokoloka ndi madzi, motero madera a m'mapiri ndi zigwa zosefukirasefukira amakhala ndi nthaka yosauka pa mchere umenewu, ndipo mbewu zomera pamenepo zimakhalanso zosauka. Madzi a m'chigwa chimenechi timawadziwa tonse. Napolo wa mu Malichi 1991 adatsika m'phiri la Michesi, ndipo namondwe Freddy adabweranso mu Malichi 2023. Ife a kunyanja tisadzitame kuti nsomba zitipulumutsa. Nsomba zokhala ndi ayodini wambiri ndi za m'nyanja zikuluzikulu zamchere, monga ya Indian. Usipa ndi chambo chathu, ngakhalenso matemba ndi milamba ya ku Chilwa, ndi ndiwo zabwino zedi zomanga thupi, koma ayodini wake ndi wochepa.

N'chifukwa chake mu 1995 dziko lathu lidakhazikitsa lamulo loti mchere wogulitsidwa kwa anthu uzikhala wothira ayodini, ndipo kuchokera pamenepo vuto la kusowa kwa ayodini latsika kwambiri. Komabe mchere wa miyala wounjika pathumba pamsika, dzuwa likuuwomba tsiku lonse, sitingaudalire. Gulani wa m'paketi yolembedwa kuti muli ayodini, muusunge m'chitini chotseka, kutali ndi moto ndi chinyezi. Izi sizikutanthauza kuti tizithira mchere wodzaza dzanja. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu asapyole magalamu 5 patsiku, kasipuni kamodzi ka tiyi, poopa kuthamanga kwa magazi.

Chinangwa nacho tichinene, pakuti ku Phalombe amadya makaka ndipo ku Nkhotakota ndi ku Nkhata Bay kondowole ndiye nsima. Chinangwa chowawa chili ndi ululu umene ukalowa m'thupi umatchinga ayodini kuti asalowe m'chithokomiro. Agogo athu adali ndi nzeru posenda, kuviika m'madzi masiku atatu kapena kupyolera apo mpaka chifewe, kenaka n'kuyanika chiume bwino. Vuto limadza m'chaka cha njala, pamene ana akulira ndipo mayi avuula chinangwa chisanafewe. Chigwada chisinjidwe ndi kuwiritsidwa mokwanira. Za kabichi, mpiru ndi repu, zomwe ena amati wodwala chithokomiro asakhudze, ife tikuti idyani. Zikaphikidwa n'kudyedwa monga ndiwo za masiku onse sizivulaza.

Tsono pali gwero lachiwiri limene mchere sungathetse. Nthawi zina chitetezo cha m'thupi chimaukira chithokomiro cha mwini wake n'kuchiononga pang'onopang'ono. Dotolo wa ku Japan, Hakaru Hashimoto, ndiye adafotokoza za matendawa mu 1912, ndipo amatchedwa ndi dzina lake. M'maiko amene mchere uli ndi ayodini wokwanira, gwero lalikulu ndi limeneli. Munthu wotere akamwa ayodini wowonjezera matenda amatha kukula. Ndiye musayambe kudzipatsa mankhwala poona zizindikiro zokha, pakuti kuchepa kwa magazi, matenda a impso ndi a mtima nawonso amatopetsa ndi kutupitsa. Chimene chimatsimikiza ndi kuyeza magazi kotchedwa TSH. Yambirani kuchipatala chapafupi. Ngati kuyezako kulibe, apempheni akulembereni kalata yopita kuchipatala chachikulu monga cha Queen Elizabeth ku Blantyre.

Akapezeka nawo, munthu amapatsidwa kapiritsi kotchedwa levothyroxine, kamene kamalowa m'malo mwa mahomoni osowawo. Ambiri amamwa moyo wawo wonse. Kamwedwe kake ndiko kamasokoneza anthu. Kamafuna m'mimba mopanda kanthu, ndi madzi okha, ndipo padutse mphindi 30 mpaka 60 musanadye. Tiyi wamkaka, khofi ndi phala la soya zimachepetsa mphamvu yake zikalowa nthawi imodzi. Mapiritsi owonjezera magazi amene amapereka kusikelo, ndi a kashiyamu, atalikirane nako ndi maola 4. Pakatha masabata 6 mpaka 8 magazi amayezedwanso kuti adotolo aone ngati mlingo wakwana.

Nanga thupi lija litsika? Apa tinene mosabisa, poti ambiri amakhumudwa. Kulemera kumene chithokomiro chofooka chimawonjezera nthawi zambiri ndi makilogalamu 2 mpaka 5, ndipo gawo lalikulu ndi madzi ndi mchere zimene thupi lasunga. Mankhwala akagwira, zimenezo zimachoka ndipo nkhope imaphwa. Zotsalazo ndi za m'mbale, monga mmene zilili kwa wina aliyense. Amene adazolowera mitanda itatu ya ufa woyera atsike pa iwiri, ndipo ikhale ya mgaiwa, umene umakhalitsa m'mimba ndi kuthandiza kudzimbidwa kuja. Ndiwo zichuluke kuposa nsima. Anzathu a ku Phalombe ali ndi mwayi wa nandolo, amene ambiri amangogulitsa yense kwa mavenda osasiyako wa pakhomo. Onjezani khobwe, bonongwe, nkhwani, therere ndi nsomba yowotcha kapena yophika mmalo mokazinga. Kumene ambiri timagwera ndi pa tiyi: masipuni anayi a shuga, mandasi awiri pambali, masana botolo la chakumwa chozizira. Yendani tsiku lililonse ngakhale theka la ola mphamvu zikayamba kubwerera. Kudzimana chakudya tsiku lonse kumangowonjezera kufooka. Tiyi wochepetsa thupi amene akutsatsidwa m'misika ndi pa WhatsApp nthawi zambiri amangotsegula m'mimba, ndipo ndalama yake bola kugulira mazira. Choopsa koposa ndi kumwa mapiritsi awiri mmalo mwa limodzi pofuna kuonda msanga, chifukwa mtima umayamba kugunda mosalongosoka ndipo mafupa amafooka.

M'mwezi wa Ramadhani ambiri amene mlingo wawo udakhazikika amatha kusala popanda vuto, koma nthawi ya piritsi iyenera kukonzedwa mwezi usanaoneke. Ena amadzuka msanga n'kumwa piritsi mphindi 30 mpaka 60 dakwi asanadye. Ena amamwa pogona, patadutsa maola 3 kapena 4 chidyereni. Kumwera piritsi pamodzi ndi futari, pakati pa phala, tende ndi tiyi, kumachepetsa mphamvu yake, ndipo mwezi ukamatha kutopa kuja kumakhala kwabwerera. Kambiranani ndi adotolo njira yokuyenerani. Amene angoyamba kumene mankhwala ndipo thupi lidakali lofooka afunsenso kwa a Shehe za chilolezo chimene wodwala ali nacho chodzabweza masiku pambuyo pake.

Mayi amene akumwa levothyroxine akangozindikira kuti waima asasiye piritsi poopa kuti livulaza mwana. Ubongo wa mwana m'miyezi yoyambirira umadalira mahomoni a mayi ake, ndipo kawirikawiri mlingo umayenera kukwezedwa. Apite kusikelo sabata yomweyo, atanyamula buku lake lakuchipatala ndi paketi ya mankhwalawo, akawaonetse anamwino.