Geti silifunsa zaka za munthu

Chindapusa chomwe akuluakulu oyendetsa mpikisano wa njinga zamoto wa Supercross adalamula usiku wa matope uja ku San Diego, mu Januwale 2024, sichikadakhala nkhani yoti n'kutayirapo inki. Jett Lawrence, mnyamata wa zaka 20 wa ku Queensland m'dziko la Australia, adakwiya kuti Jason Anderson adamutsekera njira kwa nthawi yaitali, ndipo mpikisano utatha adamugwira chisoti chapachibwano. Anderson adabwezera. Onse awiri adalipitsidwa, mnyamatayo adapepesa poyera, basi zikadathera pomwepo. Koma sabata yotsatira ku Anaheim khamu lidamukuwiza ngati wakuba wogwidwa pamsika, ndipo anamandwa a pakanema ndi a m'manyuzipepala adayamba nyimbo yomwe sadaisiye mpaka mwezi wa Meyi: mwana uyu alibe ulemu, wafika dzulodzuloli, ayambe waphunzira kwa akuluakulu. Za chisoti zija adalakwa, palibe wokana. Koma chisoti chidali ponamizira chabe. Mlandu wake weniweni adaupalamula milungu iwiri m'mbuyomo, pa 6 Januwale, pomwe adapambana mpikisano wake woyamba weniweni wa njinga za 450 m'bwalo, chinthu chomwe palibe mlendo wina adachitapo.

Tiyeni tiwafunse a ulemuwa kuti ulemu umene akuufunawo umaoneka bwanji. Okwera njinga zamoto 22 amandanda kuseri kwa geti lachitsulo, geti limagwa nthawi imodzi kwa onse, ndipo amathamanga mphindi 20 ndi kuzungulira kamodzi kowonjezera, kudumpha milu ya dothi yomwe ukaiphonya pang'ono umadzukira kuchipatala. Tsono mnyamatayo achite chiyani akamupeza Eli Tomac pakona? Atsike njinga, avule chisoti, aombe m'manja, ati wawa akuluakulu, pitani? Kapena awerenge kaye zikho ziwiri za Tomac, cha 2020 ndi cha 2022, n'kubweza moto? Geti silifunsa zaka. Wotchi sidziwa kuti uyu ali ndi ana kunyumba, uyu ndevu sizinamere bwino. Amene akufuna mpikisano womwe wamkulu amapatsidwa mpando wakutsogolo apite kuukwati.

Chodabwitsa n'choti okuwizawa ndi omwewo amene amagwada akamva dzina la Jeremy McGrath. Aiwala kuti mu 1993 McGrath adali mlendo ngati yemweyu, ndipo adamudutsa Jeff Stanton, katswiri wa zikho zitatu wa timu yake yomwe, n'kutenga chikho chaka chomwecho. Akadadikira kuti Stanton atope kaye, lero sitikadanena za mipikisano 72 yomwe adapambana ndi zikho zake 7. Ryan Dungey adachita zomwezo mu 2010. Ngakhale Ricky Carmichael, yemwe lero amamutcha katswiri woposa onse, adalawapo kukuwizidwa atamugwetsa McGrath pampando mu 2001. Mfumu iliyonse ya masewerawa idalowa ufumu mochita kulanda, koma ikakalamba ochemerera ake amayamba kulalikira za mwambo.

Ena akuti ayi, si luso, ndi njinga. Fakitale idamupatsa makina oposa a anzake. Bodza ili n'losavuta kuligwira. Mkulu wake, Hunter Lawrence, adakwera njinga ya mtundu womwewo, ya timu yomweyo, ndipo usiku umene Jett adapambana ku Anaheim iye sadafike n'komwe mumpikisano waukulu. Njinga ikadakhala kuti imadziyendetsa yokha, bwenzi awiriwa atafika motsatizana. Ndipo ndani wa akuluakulu aja amakwera njinga yogula pa okushoni? Tomac, Cooper Webb, Chase Sexton, Anderson, onse adali ndi amakaniko ndi ndalama za mafakitale kumbuyo kwawo. Enanso akuti adapeza mikango itavulala, popeza Tomac adaduka mtsempha wa kuchidendene ku Denver mu 2023 akutsogola pa mapointi. Zoona, ndipo zidali zachisoni. Koma chilimwe cha 2023, pa mabwalo akunja, mnyamata yemweyu adathamanga maulendo 22 n'kupambana onse 22, Sexton yemwe adali atangotenga chikho cha m'mabwalo akumuonera kumsana. Kodi ameneyonso adali wolumala?

Chimene chikundinyansa kwambiri n'choti nyimbo ya ulemuyi imanyoza akuluakulu omwe ikunamizira kuwateteza. Taonani Webb. Munthu yemwe panthawiyo adali ndi zikho ziwiri, cha 2019 ndi cha 2021, sadapemphe kuti mwana amupatse njira. Adapambana kanayi, adadikira mnyamatayo alakwitse monga alendo amalakwitsira, ndipo pochoka ku Foxborough mu Epulo awiriwa adali ofanana mapointi. Galu wamkota sakandira pachabe, ndipo apo aliyense adaona kuti tsabola wakaleyu akadawawa. Ulemu umene Webb adalandira ndi woti Lawrence adayenera kupambana katatu kotsatizana, ku Nashville, Philadelphia ndi Denver, kuti amuthawe. Chikho chomwe Webb akadachipeza chifukwa mwana wamuchitira manyazi chikadakhala chikho cha chifundo, ndipo munthu ngati iye sangachiike n'komwe pabalaza. Nayenso Anderson ku San Diego adali ndi ufulu wonse wotseka njira, chifukwa geti lomwe silifunsa zaka za mwana silifunsanso za mkulu. Onse awiri adapikisana. Olira ndi oonerera.

Oyendetsa mpikisano nawo asadziyeretse. Chaka chonse amagulitsa matikiti ndi nkhope ya mnyamatayu, kanema wa chisoti uja adazungulira dziko lonse n'kukopa anthu, kenaka iwo n'kuvala nkhope yaubusa polemba chindapusa. Amafuna moto kuti bwalo lidzaze, koma utsi ukatuluka amaloza wamng'ono. Pa 11 Meyi ku Salt Lake City, mipikisano 17 itatha, Lawrence adali atapambana 8, ndipo mbale ya nambala 1 adampatsa ndi manja awo omwe adalemba chindapusa aja, akumwetulira kutsogolo kwa makamera.