Cakudya ca Pogona ndi Tulo ta Ozimitsa Moto

Inu amene mukuwerenga tsamba lino munagonapo mutakhuta kwambiri, nkumangotembenuka pamphasa cilungulira citakugwirani pammero. Mmawa mwace munadzuka olefuka, koma palibe amene anafa cifukwa ca kulefuka kwanuko. Tsono taganizirani za munthu wozimitsa moto ku America, kumene ambiri amagwira nchito maola 24 osapita kunyumba. Iye wadya mbale yodzaza nthawi ya 11 koloko usiku, wagona, ndipo belu lalira 2 koloko. M'mphindi zowerengeka ayenera kuyendetsa galimoto lolemera ndi madzi, kukwera makwerero ndi kunyamula munthu wokomoka ndi utsi. Ine ndikuti cimene munthu uyu amadya asanagone ndi mbali ya nchito yace, monga momwe ciliri cisoti ca kumutu kwace, ndipo ciyenera kusamalidwa motero.

Tiyeni tiyambe taona kukula kwa vutoli. M'caka ca 2015, Laura Barger ndi anzace a ku Boston anafalitsa zimene anapeza atafunsa ozimitsa moto pafupifupi 7,000. Mwa anthu 100 aliwonse, 37 anali ndi zizindikiro za matenda a tulo, makamaka kubanika kutulo, ndipo ambiri a iwo sanali kudziwa. Anthu oterewa anali kucita ngozi za pamseu kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi anzao. Kale mu 2007, Stefanos Kales wa ku Harvard anali atasonyeza kuti matenda a mtima ndiwo anali kupha ozimitsa moto 45 mwa 100 aliwonse ofera pa nchito. Mdani wamkulu wa anthuwa ali m'thupi mwao momwe.

Nanga cakudya ca usiku cikulowapo bwanji? Coyamba, thupi liri ndi nthawi zace. Kukada, ubongo umatulutsa melatonin, amene amaitana tulo, ndipo pa nthawi yomweyo thupi limacepetsa mphamvu yace yocotsa shuga m'magazi. Motero mbale imene thupi likanaigwiritsa nchito bwino masana, usiku imasiya shuga wambiri m'magazi kwa nthawi yaitali. Caciwiri, cakudya ca mafuta cimacedwa kucoka m'mimba, ndipo munthu akagona cogona, madzi owawa a m'mimba amabwerera kummero. Nco cifukwa cace madokotala amalangiza kuti papite maola awiri kapena atatu pakati pa kudya ndi kugona. Cacitatu ndi khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu. Ofufuza a ku America anapeza mu 2013 kuti caffeine wokwana mamiligramu 400, womwedwa maola 6 munthu asanagone, anacotsa tulo toposa ola limodzi. Cacinayi, kusowa tulo kumabala njala. Ku Chicago mu 2004, anyamata amene anagona maola 4 okha kwa masiku awiri anamva njala yaikulu, makamaka ya zotsekemera. Apa muone mmene zinthu zimazungulira: wosagona amadya kwambiri usiku, ndipo wodya kwambiri usiku sagona.

Wina adzati, kodi munthu wokalimbana ndi moto pakati pa usiku angapite ndi mimba yopanda kanthu? Funsoli nloyenera, ndipo ozimitsa moto ambiri amadya usiku cifukwa ca mantha amenewa. Koma mphamvu ya 2 koloko usiku siicokera m'mbale ya 11 koloko yokha. Imacokeranso m'nkhokwe imene ciwindi ndi minofu zinasunga kucokera ku cakudya ca masana ndi ca madzulo. Mu 2022, Emily Manoogian, Satchin Panda ndi Pam Taub anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa ozimitsa moto 137 a mumzinda wa San Diego. Gulu limodzi linauzidwa kuti lizidya zonse za tsikulo mkati mwa maola 10 okha, kwa milungu 12. Anthuwo anakhoza kutero ali pa nchito yao ya maola 24, ndipo mwa amene anayamba ali ndi shuga kapena kuthamanga kwa magazi kokwera, ziwerengerozo zinatsika.

Komabe sindikunena kuti kudya usiku kuletsedwe kotheratu. Njala nayo imalanda tulo, ndipo munthu wobwera kumoto atatuluka thukuta maola atatu simungamuuze kuti adikire mbandakuca. Ku Adelaide, m'dziko la Australia, Charlotte Gupta ndi anzace anagawa anthu ocezera usiku m'magulu atatu. Ena anapatsidwa cakudya cacikulu pakati pa usiku, ena kacakudya kocepa, ena sanapatsidwe kanthu. Odya kwambiri ndiwo anaodzera koposa, ndipo anayendetsa moipa pa makina oyeserera galimoto. Kacakudya kocepa kanathetsa njala popanda kulemetsa maso. Cofunika tsono ndi muyeso: nthoci imodzi, nshawa zodzaza dzanja, kapu ya mkaka kapena kacidutswa ka mbatata. Nsima ndi nyama yamafuta zidyedwe dzuwa likangolowa, ndipo khofi asiyidwe masana.

Potsiriza, tisamsenzetse wozimitsa moto yekha mlandu wonse. Pa siteshoni anthu amaphika ndi kudyera pamodzi, ndipo amene wabwera ndi njala amatola cimene wacipeza patebulo. Ngati pali mabisiketi ndi zakumwa za shuga zokha, adzadya zomwezo. Mutu umodzi susenza denga. Akuluakulu a nchitoyi, kaya ku San Diego kaya ku makhonsolo athu amene amayang'anira ozimitsa moto kuno ku Zambia, ayenera kuika nthawi ya cakudya ca madzulo msanga, kusunga zakudya zopepuka za usiku, ndi kupimitsa anchito amene amaliza mkonono nkumabanika kutulo. Galimoto lozimira moto amaliyang'ana mafuta ndi matayala tsiku liri lonse. Woyendetsa wace nayenso afunsidwe kuti wadya ciani, ndiponso wagona maola angati.