Mwana wa mnzako ngwako yemwe: malipiro a mlezi ku Lundazi

"Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye." Mwambiwu sulephera kutuluka pamene mayi wapantchito m'tauni ya Lundazi akufotokoza za mtsikana amene amamulerera mwana. Amati mtsikanayo ndi wa m'nyumba, amadya nawo mbale imodzi, amagona ndi ana, ndipo nkhani ya malipiro imathera pomwepo, poti munthu salipira mwana wake. Koma amene wagwira mwambiwu augwire wonse. Ngati mlezi ndi mwana wa m'nyumbamo, mayiyo adzifunse ngati angalole mwana wobala yekha kudzuka tambala woyamba, kubereka khanda la eni tsiku lonse, kutsuka mbale za usiku, mwezi ukatha n'kulandira chitenje ndi sopo.

Kale kumidzi ya kwa Mwase, kwa Mphamba ndi kwa Kapichila kulera mwana sikunali ntchito ya ndalama. Mayi akapita kumunda, khanda linkatsala ndi agogo ake, kapena ankabwereka kamtsikana ka mchemwali wake kuti kazisewera nalo pamthunzi m'mphepete mwa munda. Komabe mleziyo sankagwira yaulere. Banja lomwe lamutenga linkasenza udindo wake: kumuveka, kumufunira mankhwala akadwala, kumuimira pa ukwati wake, ndipo mwana amene anamulerayo akakula ankamudziwa ngati mayi wake wachiwiri. Uku ndiko kudya naye kumene akuluakulu ankanena. Malipiro analipo, kungoti ankabwera pang'onopang'ono, ndipo mudzi wonse unali mboni.

Mboni zimenezo m'tauni mulibe. Mu 2022 boma la Zambia linalemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000 ndi ogwira ntchito zaumoyo oposa 11,000, ndipo ena mwa iwo anatumizidwa kumadera akumidzi, kutali ndi amayi awo ndi azakhali awo. Namwino wochokera ku Kitwe kapena ku Mongu amene wafika ku Lundazi ndi khanda alibe mchemwali pafupi. Mtsikana amamupeza kudzera mwa mnzake wa kumpingo, ndipo tsiku limene adzasamutsidwe awiriwa mwina sadzaonananso. Palibe ukwati umene namwinoyo adzaimire, palibe nkhokwe imene mtsikanayo adzatapemo atakalamba. Chibale cha pakamwa chikathera pa siteji ya basi, chimene mlezi amatsala nacho ndi ndalama zimene analandira. Pa chifukwa chimenechi mtengo wa ntchitoyi uyenera kutchulidwa m'makwacha.

Poyambira pake palipo kale. Kuyambira mu 2011 Zambia ili ndi lamulo loika malipiro otsikitsitsa a antchito apanyumba, ndipo limatchula momveka kuti wosamalira mwana, nkhalamba kapena wodwala m'nyumba ya munthu ndi wantchito wapanyumba. Chaka chimenecho ndalama yake inali K250,000 ya kwacha yakale, ziro zitatu zisanachotsedwe pa ndalamayo. Mu 2012 inafika pa K522,400 pophatikiza ya mayendedwe, mu 2018 inakhala K993.60 ya kwacha yatsopano, ndipo kuyambira pa 1 Januwale 2024 inakwera kufika pa K1,300. Mwa ndalama imeneyi K1,100 ndiyo malipiro enieni, K200 ndi ya mayendedwe kwa wantchito amene amakhala mtunda woposa makilomita atatu kuchokera kuntchito. Lamuloli silisiyanitsa Lusaka ndi Lundazi, ndipo silinena kuti mwana wa achibale alipidwe mochepera.

Ndalamayi imamveka bwino ikasandutsidwa chimanga, pakuti ku Lundazi ngakhale wolandira kumapeto kwa mwezi amawerengera matumba. Mu 2024, chaka cha chilala chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kukhala tsoka la dziko lonse mu Febuluwale, bungwe la Food Reserve Agency linkagula thumba la makilogalamu 50 pa K330. Choncho K1,100 inali matumba atatu ndi kagawo kochepa. Chaka chomwecho bungwe la Jesuit Centre for Theological Reflection linapeza kuti banja la anthu asanu ku Lusaka limafuna ndalama zoposa K10,000 pamwezi kuti lipeze zofunika pamoyo. Ku Lundazi zinthu zina n'zotchipirapo, makamaka nyumba ndi ndiwo, koma sopo, shuga ndi mafuta ophikira zimayenda ulendo wautali kuti zifike kuno, ndipo mtengo wake umasonyeza zimenezo. K1,100 si chuma. Ndi malire amene boma linati munthu asatsikirepo. Komanso malirewo amakhalitsa: anaima zaka zisanu ndi chimodzi kuchokera mu 2012, kenaka zaka zinanso zisanu kuchokera mu 2018, pamene ufa sunaimepo. Banja lachilungamo silidikira nduna kuti ilankhule; limaunikanso malipiro chaka chilichonse, ndipo nthawi yabwino ndi yokolola, mtengo wa chimanga ukadziwika.

Pamene mabanja ambiri amaphonya ndi pa maola. Lamulo limawerengera maola 48 pa sabata, omwe ndi pafupifupi 208 pamwezi, kutanthauza kuti ola limodzi la mlezi ndi K5 ndi mangwee ochepa. Ola lopitirira pamenepo limalipidwa kamodzi ndi theka, ndipo la Lamlungu kapena la tsiku la tchuthi cha boma limalipidwa kawiri. Tsono mlezi wogona pomwepo saweruka. Akayamba 6 koloko m'mawa n'kupuma 6 koloko madzulo kwa masiku asanu ndi limodzi, wagwira maola 72, ndipo maola 24 owonjezerawo akawerengedwa mwezi wonse amaposa K800. Ndi mabanja ochepa amene angaitulutse ndalama imeneyi, ndipo yankho lake silili pa kutseka maso. Lili pa kuchepetsa maolawo: mayi kapena bambo akafika kunyumba, mwana abwerere m'manja mwa eni ake, mlezi apume. Namwino wa usiku agwirizane naye za masiku opuma obwezera mausiku amene wachezera ndi khanda. Bambo wa mwanayo, amene dzina lake silimveka nkhani ya mlezi ikamakambidwa, nayenso manja ali nawo.

Kuchuluka kwa ntchito nakonso kumasintha mtengo. Khanda la miyezi itatu, lofuna kumwetsedwa ndi kusinthidwa matewera kosalekeza, si chimodzimodzi mwana wa zaka zinayi amene amapita ku sukulu ya mkaka m'mawa wonse. Ana atatu si mwana mmodzi. Ndipo m'nyumba zambiri wobwera kudzalera mwana amapezeka akuchapa zovala za banja lonse, akutunga madzi kumjigo, akuphikira alendo, nthawi ya dzinja n'kutumidwanso kukapalira mtedza kumunda wa abwana. Mapanga awiri avumbwitsa. Mwana akapsa ndi phala mlezi ali pa chingwe kuyanika zovala, mlandu umagwera iye yekha, osakumbukira amene anamupatsa ntchito ziwiri pa nthawi imodzi. Ntchito iliyonse yowonjezera itchulidwe, ndipo mtengo wake utchulidwenso.

Nanga nsima ndi malo ogona? Apa ndi pamene olemba ntchito amalimbira mtsutso, ndipo mfundo yawo si yopanda pake: kudyetsa munthu wamkulu mwezi wonse ndi ndalama. Koma mlezi amagona m'nyumbamo kuti athandize mwini nyumba, amene akufuna munthu wodzuka mwana akalira pakati pa usiku. Mphasa ya pabalaza sangaitumize kwa amayi ake kumudzi, ndipo nsima imene anadya dzulo singagule feteleza. Zovala zakale zimene apatsidwa ndi mphatso. Zikawerengedwa ngati malipiro, ndiye kuti wagulitsidwa kaunjika amene sanamusankhe. Chimene chingachoke mwachilungamo kwa wogona pomwepo ndi K200 ya mayendedwe ija, poti sayenda.

Olemba ntchitowo nawo si anthu olemera. Mphunzitsi wa pulaimale amene ngongole zamudula kale malipiro asanafike m'manja, kapena mayi wogulitsa salaula pamsika, akamva K1,300 amagwira pakamwa. Walira mvula walira matope: wofuna kupita kuntchito mtima uli m'malo avomere kuti mtenderewo uli ndi mtengo wake. Komabe njira zochepetsera mtolo osaupachika pa mlezi zilipo. Mabanja awiri oyandikana, monga zimakhalira pa nyumba za aphunzitsi, angathe kulemba mlezi mmodzi wa ana awiri, aliyense n'kuponyapo gawo lake, mleziyo n'kulandira zoposa za lamulo chonsecho banja lililonse latulutsa zochepa. Wina angalembe mlezi wa theka la tsiku, wobwera m'mawa n'kuweruka sukulu ikatuluka. Amene sangakwanitse maola onse agule maola ochepa pa mtengo woyenera, osatenga onse pa theka la mtengo.

Njira imene ambiri amathawirako, ndiyo yoipitsitsa, ndi kukatenga kamtsikana ka zaka khumi ndi ziwiri kumudzi poti sikadziwa kufunsa. Lamulo lija limaletsa kulemba mwana wosafika zaka 15 ntchito yapanyumba. Ndipo kuyambira mu Januwale 2022 maphunziro m'sukulu za boma ndi aulere mpaka giredi 12, motero mawu akale oti "kwawo analibe ndalama za sukulu" anatha mphamvu. Mphunzitsi amene amaitana mayina a ana a eni m'kalasi, kunyumba kwake atasiya msinkhu womwewo ukubereka khanda lake, ayenera kuchita manyazi pamaso pa mfumu ndi makolo.

Mlezi naye ali ndi mbali yake, pakuti mbewa ya manyazi idafera kuuna. Atsikana ambiri amaleredwa kuti kufunsa wamkulu za ndalama ndi mwano, ndipo akafunsidwa amangoyang'ana pansi n'kunena kuti "mmene mwaonera, amayi." Mwezi woyamba ukadutsa chomwecho, wachiwiri sukonzeka. Mwambo womwewo uli ndi njira yake: pa nkhani yolemera munthu sadziyankhulira, amatenga wamkulu. Azakhali, amalume kapena mkulu wa mpingo akhalepo tsiku logwirizana, zinthu zinayi zimveke, zilembedwe ngakhale m'kope la sukulu: ndalama zingati, tsiku liti la mwezi, maola ati, ndi tsiku liti lopuma. Mboniyo imalowa m'malo mwa mudzi uja.

Ndalamayo ifike m'manja mwa wogwira ntchito mwini wake. Mabanja ena amatumiza kwa makolo ake, ena amati "tikusungira, tidzakupatsa pamodzi ukamadzapita," monga momwe matenanti a fodya amadikirira kumapeto kwa chaka. Ndalama zosungidwa motero zimasanduka mbale zosweka ndi foni yotayika pa tsiku lowerengera. Kulipira pa Airtel Money kapena MTN kumasiya umboni wa tsiku ndi kuchuluka kwake, umene umateteza onse awiri mkangano ukabuka.

Pali zinanso zimene mlezi wa tsiku lonse ayenera kulandira kupatula malipiro a mwezi. Ali ndi masiku a tchuthi olipidwa, ndipo pokhala mkazi ali ndi tsiku limodzi mwezi uliwonse limene malamulo a ntchito a Zambia amapatsa mkazi aliyense wapantchito popanda kufunsidwa kalata ya kuchipatala. Ayeneranso kulembetsedwa ku bungwe la penshoni la NAPSA, kumene wolemba ntchito amaponya 5 peresenti ya malipiro ndipo wantchito amaponya 5 peresenti yake. Pa K1,100 imeneyi ndi K55 aliyense. Zikavuta mpaka mboni ija kulephera kuwayanjanitsa, madandaulo otere amapita kwa akuluakulu a unduna wa zantchito, amene ofesi yawo ya chigawo cha kum'mawa ili ku Chipata.