Tiuzeni nambala yathu pamzere

Pa 16 Julaye 2021, kampani ya Valve ya ku America inayamba kulemba mayina a anthu ofuna Steam Deck, kachipangizo kogwira m'manja kochitira masewera a pakompyuta. Munthu ankalipira madola 5 kuti amusungire malo, ndipo mtengo wa kachipangizoko unkayambira pa madola 399. Lonjezo linali lakuti katundu ayamba kutumizidwa mu Disembala. Pofika Novembala, kampaniyo inalengeza kuti zakanika chifukwa zida zina sizinkafika kufakitale panthawi yake, ndipo inasunthira tsikulo ku Febuluwale 2022.

Ine sindiimba Valve mlandu pa kuchedwako. Nthawi imeneyo ma chip ankasowa padziko lonse, moti ngakhale mafakitale a galimoto ankaimitsa ntchito. Dandaulo langa ndi lina: ogula sankauzidwa kuti ali pati pamzere.

Makalata oyamba oitana anthu kuti amalize kulipira anatuluka pa 25 Febuluwale 2022. Kalata ikafika pa imelo, munthu ankapatsidwa maola 72 okha, akaphonya malo ake ankapita kwa wina. Koma chomwe kampani inkamuuza pasadakhale chinali chigawo cha chaka basi, monga Julaye mpaka Seputembala. Taganizani: kampani yadzipatsa miyezi itatu yoti ikuitaneni, inu yakupatsani masiku atatu oti muyankhe. Chingwe chachifupi chinali m'khosi mwa wogula.

Ogulawo sanakhale manja lende. Anayamba kugawana pa intaneti ola ndi mphindi yomwe aliyense analembetsa, mtundu wa chipangizo chomwe anasankha pa mitundu itatu ya 64GB, 256GB ndi 512GB, dera lake, komanso tsiku lomwe kalata yake inafika. Kuchokera pamenepo ena anapanga timapulogalamu towerengera kuti mzere wafika pati. Ambiri anayamikira luntha limeneli. Ine ndikuonapo china: anthu omwe analipira kale ankagwira ulele ntchito yomwe kampani ikanaichita mosavuta, chifukwa manambala enieni inali nawo.

Wina anganene kuti kampani imaopa kutchula tsiku kenako n'kulephera, monga zinachitikira ndi Disembala uja. Mantha amenewo ndi omveka. Koma nambala si tsiku. Kubanki ukatenga kapepala ka nambala, palibe amene wakulonjeza ola loti uthandizidwe, komabe umaona mzere ukuyenda ndipo umasankha wekha kukhala kapena kukayamba wagula chimanga chootcha panja. Wogula akadziwa kuti patsogolo pake pali anthu angati, amadziwa nthawi yosonkhanitsa ndalama, kapena yobweza madola ake asanu n'kukagula china.

Valve inachitanso zina zabwino. Pa maola 48 oyambirira inkalola okhawo omwe anagulapo kale kanthu pa Steam kuti alembetse, pofuna kutsekereza anthu ogula zambiri kuti akagulitse mokwera mtengo, vuto lomwe linasautsa ofuna PlayStation 5. Pofika Okutobala 2022 mzere unatha, munthu ankangogula osalembetsa. Mzerewo unali wachilungamo, kungoti unali wamumdima.

Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma wodikira nkhono amakhala akuiona nkhonoyo. Ife ophunzira timadziwa kudikira kwa mtundu winawo, komwe umangouzidwa kuti "posachedwapa", kaya ndi zotsatira za mayeso, ngongole ya sukulu kapena yankho la kalata yofunsira ntchito. Ambirife tidzakhala mbali inayo ya tebulo tikamaliza maphunziro, tikusunga mndandanda wa mayina a anthu ena. Tsiku limenelo, ngati katundu wachedwa, tidzanene kuti wachedwa, tidzanene chifukwa chake, ndipo aliyense tidzamuuze nambala yake.