Mayi wa ku Balaka ali ndi maso, musamuuze kuti sadziwa mafilimu

Amayi anzanga, atsikana, ndi inu abambo amene mumatiwerenga mwakachetechete, lero ndiloleni ndilankhule zakukhosi.

Sabata yatha ndinakwera minibasi yochokera ku Liwonde kupita ku Balaka. Kumbuyo kwanga anyamata awiri anali pa mkangano wa mafilimu amene amatumizidwa kukapikisana pa mphoto za Oscar. Nkhani itafika pa The Boy Who Harnessed the Wind, ine ndinangoponyapo mawu kuti, “Koma mufilimu ija amene amandimvetsa chisoni ndi Annie.” Mmodzi anaseka, amvekere, “Mayi, inu za mafilimu mukuzidziwira kuti? Zimenezi amaweruza ndi akatswiri.” Ndinangokhala chete mpaka kutsika. Lero ndiye ndikumuyankha.

Zoona, ine si katswiri. Mafilimu ndimaonera pafoni, ochita kundiikira mu memory card, usiku ndikamaliza kutsuka mbale, komanso ngati magetsi alipo oti nditchaje. Koma maso ndili nawo, ndipo zimene ndinaona ndi izi.

Filimu ija inatuluka mu 2019, anaikonza ndi Chiwetel Ejiofor, ndipo dziko la Britain ndi limene linaitumiza ku Oscar. Aliyense amaombera m'manja William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, ndipo ndi woyeneradi. Nanga mchemwali wake Annie, amene Lily Banda anasewera? Mufilimumo njala itafika povuta, Annie akuchoka pakhomo ndi mphunzitsi kuti pakamwa pamodzi pachepe, ndipo dayinamo ya njinga ya mphunzitsiyo ndi imene William akugwiritsa ntchito pa makina ake. Mnyamata wapulumutsa mudzi, mtsikana wapita kubanja, nkhani yake yathera pomwepo. Ife a ku Machinga ndi Balaka sitifunika katswiri wotimasulira zimenezi. Annie timamudziwa. Ali ku Ntaja, ali ku Nselema, ali ku Ulongwe. Malamulo a dziko lino anasinthidwa mu 2017 kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18, koma njala ikavuta pakhomo woyamba kuchoka amakhalabe mwana wamkazi.

Tsopano taonani mafilimu athu a ku Malawi kuno amene afika pa mindandanda ya mphoto. Seasons of a Life ya Shemu Joyah ndi nkhani ya mtsikana wantchito amene bwana wake anamupatsa mimba, kenako n'kulimbana kuti atengenso mwana wake. Tapiwa Gwaza anapata nayo mphoto ya AMAA mu 2010. The Road to Sunrise, ya Joyah yemweyo, ndi ya amayi awiri oyendayenda mu mzinda wa Blantyre. Inapambana pa AMVCA mu 2018 ngati filimu yabwino koposa kumwera kwa Africa, ndipo inali yoyamba imene Malawi anatumiza ku Oscar. Fatsani, ya Gift Sukez Sukali, imene inatumizidwa ku Oscar mu 2021, ndi ya kamtsikana kogulitsa nthochi mumsewu sukulu yake itatsekedwa.

Mwaona? Wantchito wa m'nyumba, mayi woyendayenda, mwana wogulitsa nthochi. Misozi ya mkazi wa ku Malawi ndi imene ikukwera ndege kukapikisana kunja. Ndiye mwini misoziyo akanena maganizo ake, eti akhale chete, sadziwa kanthu? Ayi ndithu.

Ine maganizo anga ndi awa. The Road to Sunrise inayenera mphoto ija chifukwa amayi aja inawaonetsa ngati anthu, oseka, okwiya, okondana, osati zinthu zongomvera chisoni. Fatsani ndinaikonda chifukwa mwana uja sakudikira mwamuna woti amupulumutse. Koma ndatopa nako kuti mkazi azikhala mwini nkhani pokhapokha wagwiriridwa, wamenyedwa kapena walandidwa mwana. Ili kuti filimu ya mayi wogulitsa nsomba za ku Chilwa amene waphunzitsa ana ake mpaka ku koleji? Ili kuti ya amayi a banki m'khonde? Kodi mkazi wosalira sangapate mphoto?

Ndipo “akatswiri” amene mnyamata uja amawadalira nawonso ndi anthu, ali ndi zokonda zawo. Mphoto za Oscar zinayamba mu 1929, koma mkazi woyamba kupata mphoto ya wotsogolera filimu anali Kathryn Bigelow mu 2010. Pofika 2025 anali atatu okha, kuphatikizapo Chloé Zhao ndi Jane Campion. Ndiye mundiuze kuti maso a oweruza salakwa? Kwathu kuno Joyce Mhango Chavula anabwera ndi mphoto ya AMVCA mu 2016 ndi filimu yake yotchedwa Lilongwe. Ndi angati mwa ife amene tinaionera? Ndi atsikana angati a ku Phalula amene anamvapo kuti mkazi mnzawo wa ku Malawi anakonza filimu n'kupambana ku Lagos?

Apa ndi pamene pagona vuto. Mafilimu amenewa amakamba za ife koma satipeza. Mwambo wa AMVCA umaonetsedwa pa DStv, ndipo magawo amene anthu amavota, amavotera pa intaneti. Mayi amene akuwerengera ndalama ya chigayo agula bandulo yovotera? M'misika yathu muli nyumba zoonetsera vidiyo, inde, koma mumadzaza amuna ndi anyamata, akuonera mpira ndi mafilimu a karate. Mtsikana akangolowamo madzulo, mawa lake mudzi wonse wamupatsa dzina loipa. Mwatitsekera khomo, kenako mukutiseka kuti sitidziwa zimene zili mkatimo.

Ena anena kuti opanga mafilimu amaopa kuwabweretsa kumudzi chifukwa anthu amakopera mwakuba, iwo osapezapo kanthu. Nkhawa imeneyi ndi yoona, ndipo ine wa memory card sindingadziyeretse. Koma ndinakopera chifukwa panalibe poti ndikalipire. Tili ndi maholo a sukulu, a matchalitchi, ndi mabwalo a mpira ku Liwonde ndi ku Balaka. Bweretsani filimu masana, ikani mtengo woti mayi angakwanitse, ndipo ikatha musathamangire galimoto. Khalani pansi mumve zimene amayi anene. Mwina mudzamva zoona zimene oweruza a kunja sangakuuzeni.

Kwa inu amayi anzanga, mukaonera filimu, nenani maganizo anu mokweza, kaya ndi pachitsime, ku saluni kapena mu minibasi. Simufunika satifiketi kuti muzindikire ngati nkhani ya moyo wanu yakambidwa moona kapena monama.

Ndipo iwe mwana wanga wa mu minibasi muja, ngati ukuwerenga, pita ukaionerenso filimu ija. Ulendo uno usachotse maso pa Annie. Ukamaliza, kafunse mchemwali wako chifukwa chimene anasiyira sukulu iwe n'kupitiriza.