ZA PAKHOMO PATHU: Zokongola Zosagula ku Sitolo

Mwezi wa Disembala wafikanso kuno ku gombe la kumwera kwa nyanja. Mphepo ya mpoto yayamba kuwomba, mitambo ikuunjikana pamwamba pa mapiri a ku Namwera, ndipo pa msika wa Mangochi mapazi achuluka. Anyamata amene anapita kukagwira ntchito ku Joni akutsika m'mabasi ndi mawailesi, nsapato ndi zikwama zotupa. Ana a m'makomo ena amaima pambali kuyang'ana katunduyo, kenaka amatembenuka ndi kuyang'ana makolo awo osanena kanthu. Kholo lililonse limadziŵa kulemera kwa maso otere.

Tiyambe ndi kuulula kulakwa kwathu. Chaka china, zaka zingapo zapitazo, maso a ana anatigonjetsa. Tinakatenga ndalama ya katapila kwa munthu wina, tinagula zovala zatsopano, zakumwa za m'mabotolo ndi mapepala onyezimira okoloŵeka m'nyumba. Tsikulo linakoma, koma linakamuka ngati mame. Pofika Januwale mwini ndalama anali pakhomo. Tinagulitsa chimanga chimene tinasungira mwezi wa Febuluwale, ndipo mwana wathu wamkulu anakhala pakhomo masabata atatu anzake akuphunzira, chifukwa ndalama ya sukulu inali itapita ndi mapepala aja. Kufikira lero sitikumbuka kukoma kwa zakumwazo, koma nkhope ya mwanayo atakhala pakhonde timaikumbuka.

Tisaiŵale kuti Khirisimasi imatipeza ife Amalaŵi pa nyengo yothina. Chimanga cha chaka chatha chikutha m'nkhokwe, chatsopano sichinafike ndi m'mawondo momwe, munda ukufuna kupalira ndi feteleza. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imene inkadzaza dengu siphimba ndi pansi pomwe. Tsono ngati kukongola kwa chikondwerero kuli m'sitolo mokha, ambiri a ife tilibe gawo. Koma ife tikuti sikuli momwemo mokha. Kuli pakhomo pathu pomwe, ndipo kumangofuna maso odekha ndi manja osatopa. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Taonani mlambe umene mumaupitirira tsiku ndi tsiku popita ku chigayo. Chilimwe chonse unaima wopanda tsamba, ngati mtengo wozulidwa ndi kubzalidwa chadodolido. Tsopano wavala masamba. Mukapita pansi pake dzuŵa likuloŵa, mudzaona maluŵa ake oyera, aakulu ngati chikhatho, akulendeŵera chozondoka pa timapesi tatitali. Duŵa la mlambe limatseguka madzulo, usiku mileme imabwera kudzamwa timadzi take ndi kunyamula mungu, ndipo pofika tsiku lotsatira layamba kufota. Malambe amene ana adzadya m'chilimwe amayambira pa usiku umodzi umenewo. Ndi angati mwa ana athu amene anaonapo zimenezi? Kupita nawo kukaona sikulira tambala.

Kapena dzukani mbandakucha mupite nawo kunyanja. Nyali za asodzi zimene zinandandalika usiku wonse ngati mudzi wa pamadzi zikuzima imodziimodzi, dzuŵa likutuluka kuseri kwa mapiri a kum'maŵa, ndipo nkhwazi iŵiri ikuyankhana pamwamba pa mtengo, mitu itaponyedwa kumbuyo. Ku Cape Maclear, m'mbali mwa miyala, muli mbuna za buluu, zachikasu ndi zamizeremizere. Chifukwa cha tinsomba timeneti boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park m'chaka cha 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaika malowo m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere. Masiku ano a tchuthi anthu a ku Blantyre, ku Lilongwe ndi a kunja amalipira ndalama zambiri kuti agone usiku uŵiri pa mchenga wa ku Nkopola, pamene ife timatsukapo mbale tili choŵerama, osadzutsa mutu.

Pansi pa madzi pakuchitikanso china choyenera nyengo ino ya kubadwa kwa Mwana. Ino ndi nthaŵi imene chambo chimaswana. Chachimuna chimakumba chisa chozungulira bwino pa mchenga, chachikazi chimaikira mazira ndi kuwatola m'kamwa, ndipo chimawasunga momwemo kufikira ataswa. Ngakhale tiana titayamba kusambira, tikaona choopsa timathaŵiranso m'kamwa mwa make. N'chifukwa chake m'miyezi ya Novembala ndi Disembala boma limaletsa makoka ogwira chambo. Khoka likakokedwa nthaŵi ino limafafaniza zisa, ndipo mayi mmodzi akafa, ana ambirimbiri afera m'kamwa mwake. Anthu a ku nyanja ya Malombe akudziŵa mapeto ake: chambo chimene chinali chosasoŵa kumeneko chinatha pafupifupi chonse kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990. Mu 2018 bungwe la IUCN linaika chambo m'gulu la zamoyo zimene zili pafupi kutheratu. Chotero mayi amene akana kugula kasawala pa Khirisimasi, ngakhale wotchipa, wasungira adzukulu ake ndiwo. Chokongola chimene sitichisamala sitidzachionanso.

Tibwere ku ntchito za manja. Aliyense woyenda pa msewu wa ku Monkey Bay amaona mikeka, zipewa ndi madengu zitayalidwa m'mbali mwa njira, pansi pa migwalangwa. Sabata lapitali tinakhala pansi ndi gogo wina amene waluka mikeka kuyambira utsikana wake. Tinaona mmene amang'ambira mlaza wouma kukhala timizere tofanana, mmene amanyikira tina mu utoto wofiira ndi wobiriŵira, mmene amalukira chingwe chachitali chophwatalala, ndi mmene amasokera zingwezo m'mbali ndi m'mbali kufikira mkeka utaoneka. Zala zawo zinkayenda zokha, maso ali pa ife. Titawafunsa kuti, "Agogo, kodi ndani mwa adzukulu anu amene waphunzira lusoli?" anangoseka, ndi kuloza mkeka wa pulasitiki umene mdzukulu wawo anawagulira m'tauni. Kuseka kumeneko kunatilasa mtima.

Luso silikhala m'buku, limakhala m'zala, ndipo zalazo zikapita kumanda lapita nalo. Ana ali pa tchuthi masabata ano. Kodi sikungakhale kwabwino kuti mtsikana kapena mnyamata akhale masana atatu pambali pa agogo ake ndi kuluka ngakhale kansalu kakang'ono koikapo mbale? Chingwe chake choyamba chidzakhala chokhota, koma adzakhala atalandira mphatso imene mbala siingabe. Chimodzimodzinso ndi mphasa ya bango, lichero la nsungwi, chipande chosema ndi mtsuko wa dothi. Tonse tikudziŵa kutentha kwa Mangochi mu Disembala. Madzi a m'chigubu cha pulasitiki amafunda, pamene a mumtsuko amazizira, pakuti dothi lootcha limatuluka thukuta, ndipo thukutalo pouma limachotsa kutentha. Amene anaumba mtsuko woyamba sanapite kusukulu, koma nzeru yake ikutimwetsa madzi ozizira mpaka lero. Ndipo ngati tili nako kandalama kogulira mphatso, tikagula mkeka kapena mtsuko kwa mnansi, ndalamayo igona m'mudzi momwemo ndi kukagula ndiwo za banja lina.

Kunyumba ya mapemphero nakonso, m'malo mwa mapepala ogula amene amang'ambika tsiku lomwelo, achinyamata angathe kukongoletsa khomo ndi masamba a mgwalangwa ndi maluŵa a kutchire, ndipo ana aang'ono angaumbe ng'ombe ndi nkhosa zadothi za m'khola la ku Betelehemu. Khola lenilenilo linalibe chonyezimira chilichonse.

Tsono tiloŵe kukhitchini. Sitikunyoza mpunga ndi nkhuku. Amene ali ndi nkhuku yachikuda m'khola aiphe ndithu, ndipo ana adye akondwe. Koma taonani zimene mvula yoyamba yatipatsa kwaulere. Bonongwe, chisoso ndi luni zamera kuseri kwa nyumba. Nkhwani wanthete wayamba kuyanga. Musadzuleni bwino, muike matimati, mutendere nsinjiro zosinja mumtondo, ndipo musamuphike mpaka kuda. Ngumbi zikatuluka madzulo a mvula, zikazingeni ndi kamchere. Bowa akupezeka m'mbali mwa misewu, koma gulani ndi kuphika yekhayo amene akuluakulu akumudziŵa bwino, pakuti wina amapha. Usipa wofutsa wothira anyezi ndi matimati suchititsa manyazi pamaso pa mlendo aliyense. Mango a boloma akugwa okha. Ikani zonsezi pa mkeka watsopano: nsima yoyera, ndiwo zobiriŵira, msuzi wofiira, mango achikasu m'lichero. Kodi ndi sitolo iti imene ingagulitse mitundu yoposa imeneyi?

Thobwa nalo lisasoŵe. Phikani phala la ufa wa mgaiwa, mulisiye lizizire kufikira chala chitapirira, muthire chimera ndi kutakasa. Mudzaona phala lolimba likusungunuka ndi kuyamba kutsekemera lokha, pakuti chimera chimasandutsa ufa kukhala shuga. Ligone usiku, m'maŵa muliŵiritsenso. Ndoŵa imodzi ya thobwa imakwanira mudzi, pamene mtengo womwewo sungagule mabotolo okwanira ana a nyumba imodzi. Chigumu chophika mumphika, makala pansi ndi ena pa chivundikiro, chimamveka fungo mpaka kwa anansi, ndipo fungolo ndilo kuitana.

Kunena za anansi, ambiri mwa amene tayandikana nawo kuno ndi abale athu Achisilamu. Makolo athu anali ndi mwambo wabwino wopempha mnansi wa Chisilamu kuti azinge nkhuku kapena mbuzi ya chikondwerero, kuti pasakhale wina wokana mbale chifukwa cha chikumbumtima. Iwonso pa tsiku la Idi satiiŵala. Mwambo umenewu tisautaye. Ndipo mbale yoyamba ipite kwa mayi wamasiye, kwa nkhalamba yokhala yokha, ndi kwa banja limene mwana wake sanabwere kuchokera ku Joni ndipo sanatumize kanthu. Kupatsa n'kuika.

Tisananyamuke kupita ku msika, tiyeni tikhale pansi, bambo ndi mayi pamodzi, tipatule ndalama ya sukulu, ya feteleza ndi chimanga cha Febuluwale, tizimange pa mfundo yosamasula. Chotsalacho ndicho cha Khirisimasi. Chikachepa, tisachite manyazi pamaso pa ana; tiwauze zoona, kenaka tiwagwire padzanja tipite nawo pansi pa mlambe, kunyanja, ndi pa mkeka wa agogo.

Mwana wathu uja tsopano ndi mayi wa ana aŵiri. Chaka chatha tinamufunsa kuti ndi Khirisimasi iti ya ubwana wake imene amaikumbuka koposa. Tinkaopa kuti atchula ya katapila ija. Iye anatchula ya chaka chotsatira, pamene tinalibe chogula, ndipo tinadya nkhwani ndi usipa pa mkeka umene iye mwini anathandiza kusoka, mvula ikugwa panyanja.

Tikufunirani nonse Khirisimasi yamtendere ndi Chaka Chatsopano chopanda ngongole. Tidzachezanso mwezi wamaŵa.